Mwana wa Mlongo Wanga Saweramira Munthu

A Hamilton Msokera amayendetsa vani yonyamula odwala ku Indianapolis. M'mawa amatenga okalamba m'makomo mwawo ku Beech Grove, kukawatula kuchipatala pakati pa tauni, madzulo n'kuwabweza. Ntchitoyi ndi yabwino ndithu, ndipo palibe amene amainyoza kupatula eni akewo. Mukawafunsa kutchalitchi kuti amagwira ntchito yanji, amayamba akonza tayi, kenako n'kuyankha motsitsa mawu kuti ali m'zaumoyo. Amakusiyirani pomwepo kuti mudziganizire nokha kuti mwina ndi dokotala.

Kwawo ndi ku Mponela. Ali mnyamata ankanyamula chikwama cha mayunifomu a timu ya mpira ya pamsika, ndipo ndewu ikabuka pabwalo iwo ndi amene ankayamba kuthawa nacho. Chikwama chimenecho chakula kwambiri kuno ku America. Pofika ku South Bend, kumene anayamba sukulu imene sanaimalize, anali atasanduka timu manija. Posamukira ku Indianapolis anali kochi. Lero akakhala pasofa m'nyumba yawo ya lendi chakumbali kwa Lafayette Road amatchula mayina a osewera amene akuti anadutsa m'manja mwawo, ndipo akazi awo, a Sophia, amangokweza TV.

Koma udindo umene amaukonda kuposa onse ndi umalume. Ali ndi mlongo mmodzi wamng'ono, Magdalene, amene amakhala ku South Bend ndipo amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Amawasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwasintha matewera. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo Kenan akukwawa. Pamaliropo a Hamilton anaimirira n'kulengeza kuti anthu asade nkhawa, mwanayo ndi wawo, mwini mbumba ndi iwo. Anthu anagwedeza mitu. Mwambo umenewu a Hamilton amaudziwa bwino, makamaka mbali zake zopepuka. Ana awo aakazi akafuna kanthu amawakumbutsa kuti ali ndi amalume awo. Kenan akafuna kanthu, South Bend imatalika. Msewu wa 31 wopita kumeneko umakhala wautali zedi mwana akamadwala kapena akamasowa womuperekeza kusukulu, koma umafupika modabwitsa kukakhala phwando loti malume akayankhulepo.

Kenan anakula monga amakulira ana obadwira kuno. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi. Lilime mayi ake analephera kumupatsa, koma ulemu anamuthira mpaka unalowa m'mafupa. Wamkulu sayang'anidwa m'maso. Chinthu amalandira ndi manja awiri. Ndipo pamaso pa malume munthu sakweza mawu, ngakhale nyumba ikupsa. Thupi nalo linabwera lalikulu, moti ali kusekondale aphunzitsi anangomuona akudutsa n'kumuitanira ku mpira wa kuno, uja wooneka ngati dzira. Magdalene ankaweruka kuntchito n'kukakhala pabenchi yozizira, atadzifunditsa bulangete, kuonera masewera amene sankawamvetsa. A Hamilton sanapondeko. Ankati si mpira umenewo, ndi ndewu ya anthu ovala mapoto kumutu.

Atamaliza sekondale Kenan analowa koleji ina yaing'ono ya ku South Bend komweko, ndipo anapitiriza mpira wakewo. Mu mpira umenewu muli anyamata asanu amene ntchito yawo ndi kutchinga basi. Amandanda kutsogolo phewa ndi phewa kuti adani asafike kwa woponya mpira amene ali kumbuyo kwawo. Sagoletsa, sathamanga ndi mpira, ndipo anthu amawaona pokhapokha akalakwitsa. Awiri amakhala kumapeto, awiri mkati, mmodzi pakati penipeni. Wapakatiyo amatchedwa senta. Sewero lililonse limayambira pa iye. Amawerama, kugwira mpira pansi, n'kuupereka kwa woponya kudzera pakati pa miyendo. Koma asanatero amadzutsa mutu kuona mmene adani aimira, n'kukuwa kuuza anzake anayi aja kuti uyu wako, uyo wanga. Senta akakhala chete, anayi onsewo amakhala akhungu.

Zaka zitatu Kenan anathera pabenchi. Ankavala, kuthamanga polowa m'bwalo, kenako n'kuimirira pambali mpaka gemu kutha. Chaka chake chomaliza senta wakale anamaliza sukulu, ndipo kochi wa anyamata asanu aja anayamba kuwasinthasintha kuti aone woyenera pati. Kumapeto kumafuna wamtali wa mikono italiitali, ndipo Kenan mikono yake ndi yaifupi. Koma mutu ali nawo, ndipo kochiyo anatulukira chinthu chimene akwawo sankachidziwa: mnyamata wofatsayo akalowa m'bwalo ali ndi mawu omveka mpaka kumsewu. Chilimwe chonse Kenan anatsamiritsa matiresi akale pakhoma la garaja ya mayi ake, n'kumawerama, kuponya, kukatola, kuweramanso. Pofika Ogasiti pamalo a senta panatsala anthu awiri, iye ndi kamnyamata kena ka chaka chachiwiri. Kochi anamuuza kuti malowo ndi ake pokhapokha atawataya yekha, ndipo mayina a oyamba adzalengezedwa kumapeto kwa mwezi.

Magdalene ndiye analakwitsa, chifukwa cha chimwemwe. Analemba pagulu la Amalawi la pafoni kuti mwana wake mwina asitata chaka chino, akhala mwa oyamba kusewera, anthu amupempherere. A Hamilton anawerenga ali m'vani, akudikira wodwala pakhomo la chipatala. Anayankha aliyense asanayankhe, kuti iwo zimenezi anaziona kalekale mwa mphwawoyo, magazi a mpira ndi a kwawo.

Loweruka lina koleji inaitana makolo kudzaonera timu ikusewera yokhayokha. Magdalene anali pa shifiti. A Hamilton anayatsa galimoto, kudutsa minda ya chimanga ija yosatha, n'kukatenga a Lameck, mnzawo wa ku South Bend amene foni yawo sikhala m'thumba. Anakhala pamzere wakutsogolo, a Hamilton akufotokozera a Lameck malamulo a mpira umene anali asanauonerepo.

Kenako timu inandanda, ndipo anamuona mwana wa mlongo wawo. Anali pakati, atatang'adza, mutu pansi, mbuyo kumwamba. Mnyamata wina wachizungu anabwera kumbuyo kwake, kumusendera, n'kulowetsa manja pansi pake kudikira mpira.

A Lameck anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, mphwanu uja ndi ameneyu? Nanga mzunguyo manja akuwapititsa kuti?"

Foni inali itatuluka kale. A Hamilton pobwerera asanafike n'komwe ku Kokomo, pakati pa ulendo, kanema anali atazungulira gulu lonse. Wina anafunsa ngati mwanayo akuikira mazira. Wina anati ndiye magazi a mpira a kwa Msokera amenewa. Anthu ankangocheza, ndipo pofika Lamulungu anali atasamukira kale ku nkhani ya ukwati wa ku Fort Wayne. Magdalene naye anauona kanemayo nthawi yopuma, anaseka pang'ono, n'kubwerera kwa okalamba ake. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaiwale. A Hamilton anauonera kanemayo mobwerezabwereza, ndipo mmenemo sankaonamo Kenan. Ankaonamo dzina lawo litawerama.

Mkati mwa sabata ananyamula mkulu wina wachizungu wovala chipewa cha timu ya mpira, ndipo anamufunsa kuti mwa anyamata asanu aja, malo aulemu kwambiri ndi ati. Mkuluyo anati ndi kumapeto kumanzere, chifukwa ameneyo ndiye amateteza msana wa woponya, ndipo nthawi zambiri sawerama kwenikweni, amangopinda mawondo. A Hamilton anamva zimene ankafuna. Mkuluyo anapitiriza kunena za msinkhu ndi kutalika kwa mikono, koma iwo anali atatseka kale chitseko cha vani.

Lolemba anapempha tchuthi kuntchito, akuti kwagwa nkhani ya m'banja. Anavala suti yawo ya m'maukwati. Nkhani ya mbumba munthu sapita yekha, ndiye anatenga a Lameck omwe aja kuti akakhale mboni, ngati kuti si iwo amene anayatsa motowo. Chimanjamanja sakanapitanso, ananyamula paketi ya tiyi wakumudzi ndi botolo la tsabola. Kwa Magdalene sanadzereko. Ali poimika magalimoto pakolejipo anamuimbira Kenan, kumuuza kuti abwera kudzathokoza aphunzitsi ake. Mnyamatayo anasangalala, zomvetsa chisoni. Anatuluka chothamanga, kuwalandira katundu ndi manja awiri, n'kuwatsogolera.

Muofesi ya kochi munali mipando iwiri ya alendo. Akuluakulu anakhala, Kenan n'kuima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo, maso pansi. Kochiyo anali mzungu wamfupi wa khosi lalikulu, mawu ake osasa ndi kukuwa kwa zaka zambiri. A Hamilton anayambira kutali monga mwa mwambo. Anafunsa za kunyumba, za ana, za kutentha kwa chaka chino. Anafotokoza kuti nawonso ndi kochi, kwawo anatulutsa osewera ambiri, choncho akuyankhula ndi mnzawo wa ntchito. Anapereka tiyi ndi tsabola. Kochi anayang'ana botololo, n'kuyang'ana wotchi. Pamenepo a Hamilton anatsamira kutsogolo, n'kutulutsa Chingerezi chawo cha Lamulungu.

"Banja lakhala pansi," anatero. Banja limene linakhala pansilo linali iwo okha ndi chiwongolero cha vani. "Kwathu mwana wamwamuna saonetsa mnzake kumbuyo pagulu. Mwana wa mlongo wanga saweramira munthu. Tikupempha mumuchotse pakati paja, mumuike kumapeto kumanzere."

Kochi sanaseke. Anatembenuka n'kuyang'ana kuchitseko. "Kenan, ndi zimene ukufuna iwe?"

Kenan anadzutsa mutu pang'ono. Mawu anali nawo, ndipo pakamwa panayamba kutseguka. A Hamilton sanacheuke n'komwe. Anangoimika chala chimodzi m'mwamba.

"Ndamuyankhira kale. Ine ndi malume ake."

Maso a Kenan anabwerera pansi. Kochi anadikira nthawi yaitali, moti a Lameck anayamba kusisita foni m'thumba. Mnyamata amene amalamula anzake anayi pabwalo anaima pamenepo, thupi lodzaza chitseko, osatulutsa liwu. Pomaliza kochi ananena kuti iye sasankha timu ndi amalume, amasankha pabwalo. Malowo akadali a Kenan ngati akuwafuna. Anathokoza chifukwa cha tiyi, n'kuimirira.

Munthu wina akanachita manyazi n'kubwerera kwawo. A Hamilton anatuluka akumwetulira. Anauza a Lameck kuti anthu audindo savomera tsiku lomwelo, amafuna aone ngati wopemphayo watsimikiza. Choncho iwo sachoka, akhala sabata yonse, azikaonekera. Kwa mlongo wawo sakanagona, mwambo sulola, ndipo anaukumbukira msanga mwambo umenewu chifukwa Magdalene akanawafunsa chimene abwerera. Anagona pasofa kwa a Lameck.

Bwalo la pulakatisi lili ndi mpanda wa waya, ndipo aliyense amatha kuima kunja n'kumaonera. M'mawa mwake a Hamilton anaima pamenepo, m'suti, dzuwa la Ogasiti likuwaphika, manja atapinda pachifuwa. Timu inandanda. Kenan anawerama, kugwira mpira, n'kudzutsa mutu kuti aone adani. Kuseri kwa adaniwo anaona suti.

Zimene amakuwa senta si zoyankhula za m'tchalitchi. Amalalata, amatchula anzake mayina oipa, amalamula ngati mwini mudzi, ndipo zimayenera kutero kuti zimveke mkati mwa phokoso. Kenan anayesa. Koma zaka zonse zija za usakweze mawu pali amalume zinamukhala pakhosi. M'malo mokuwa analoza ndi chala, n'kunena motsitsa ngati akupempha mchere patebulo. Wa kumanzere kwake sanamve. Mdani anadutsa pakati pawo ngati pakhomo lotsegula, n'kukagwira woponya. Wezulo inalira. Anandandanso. Tsopano Kenan anayamba kuwerama mobisa, kutsitsa mbuyo kuti isaoneke, ndipo mpira unayamba kutuluka wokhota, wina kugunda bondo la woponya, wina kugwa pansi.

"Sindikukumva, Kenan!" kochi anakuwa.

Kumpanda a Hamilton anagwedeza mutu mokhutira. Anauza a Lameck kuti aone okha, mwana woleredwa bwino amadziwa kuti malume ake alipo.

Tsiku lotsatira zinali zomwezo, ndi linzakenso. Kochi si munthu wouma mtima. Anamuitanira pambali Kenan, kumufunsa ngati akufuna kuti auze alonda amuchotse bambo wa sutiyo. Kenan anakana. Anati ndi amalume ake, sangawathamangitse ndi alonda. Kwa mayi ake sananenenso kanthu. Akanayamba bwanji kunenera amalume kwa mlongo wawo wamng'ono, mayi wobwera kunyumba miyendo itatupa? Anameza, n'kumayembekeza kuti mawa sutiyo sioneka. Mawa lake inkaoneka, itakwinyika pang'ono ndi sofa ya a Lameck.

Pofika Lachisanu pakati panawerama kamnyamata ka chaka chachiwiri kaja, kakukuwa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Kenan anali kumapeto kumanzere, m'gulu lachiwiri. Malo amenewo anali ndi mwini wake kale, chimnyamata chachitali ngati chitseko cha tchalitchi, chimene chinasitata pamenepo zaka ziwiri osavulalapo. Kenan ndi mikono yake yaifupi ankafikidwa pachifuwa asanamugwire munthu, n'kumakankhidwa chambuyo. A Hamilton zonsezo sanazione. Anaona kuti mwanayo wangopinda mawondo, mutu uli m'mwamba, ndipo kumbuyo kwake kulibe mzungu. Pulakatisi itatha anakweza dzanja kupatsa kochi moni wa makochi okhaokha. Kochi anawadutsa ngati mtengo wa magetsi, ndipo iwo anati ndi manyazi a munthu wogonja.

Mayina atalengezedwa Kenan anangouza mayi ake pafoni kuti amusuntha malo, n'kunena kuti ali ndi kalasi. Magdalene anamva kuti mawuwo ndi olemera, koma belu la wodwala linali likulira. A Hamilton ndiye analemba pagulu. Anati nkhani ija aikonza, mphwawo tsopano ali pamalo aulemu kwambiri m'timu yonse, ndipo Loweruka loyamba la Seputembala aliyense wokonda dziko lake anyamuke ulendo wa ku South Bend.

Anthu ananyamukadi, chifukwa Amalawi a ku Indianapolis sakana ulendo wokhala ndi nyama yowotcha. Magalimoto anandondozana pa msewu wa 31, ya a Hamilton patsogolo, mbendera ikuuluka pawindo. A Sophia anakhala pambali pawo. Pofika anapeza a ku South Bend atayatsa kale makala poimika magalimoto. A Hamilton anazungulira gulu lonse, kufotokoza mmene analowera muofesi ya kochi, mmene mzunguyo anaimirira powapatsa ulemu, mmene anamuunikira monga kochi mnzake. Magdalene anafika mochedwa, atavala yunifomu ya kuntchito. Anali atasinthana shifiti ndi mnzake kuti akalowe madzulo. Sanamve nkhani ya ofesiyo, anapita molunjika kukakhala.

Chimkuzamawu chinayamba kutchula oyamba, mmodzimmodzi. Chinafika pa anyamata asanu aja. Kumapeto kumanzere chinatchula dzina lachizungu, ndipo chimnyamata chija chinathamanga kulowa. Mkati, lina. Pakati, kamnyamata kaja. Amalawi anali ataimirira kale, mafoni m'mwamba, kudikira dzina limodzi lokha. Chimkuzamawu chinamaliza asanuwo n'kupita kwa ena. Mafoni anatsika limodzilimodzi.

Kenan anali pambali pa bwalo, helemeti m'manja, pamalo pomwe anaima zaka zitatu.

A Hamilton anafotokoza kuti akumusunga. Wosewera wofunika sayamba, amalowa zinthu zikavuta, iwo ankatero ku Mponela. Zinthu zinavutadi. Kamnyamata ka pakati kaja kanali ndi mawu koma mutu unali usanakhwime, ndipo kangapo konse kanaloza munthu wolakwika, woponya n'kudya udzu. Kochi sanacheukire kumene kunali Kenan. Senta amene mawu ake amadalira amene waima kumpanda sangamudalire pa gemu, ndipo tsiku limenelo mpanda wonse unali amalume. Itafika nthawi yopuma a Hamilton anati alowa chigawo chachiwiri. Chigawo chachiwiri chili mkati anati kochiyo ndi watsankho. Kenako anasiya kufotokoza, chifukwa amene anakhala nawo pafupi anali atasunthira kwina.

Gemu itatha anthu anabwerera ku makala awo, akuyankhula motsitsa ngati pamaliro a munthu wosamudziwa bwino. Kenan anatuluka mochedwa, akadali m'yunifomu. Anzake anali atadetsedwa ndi udzu ndi thukuta, yake inali yoyera ngati yochokera m'sitolo. A Hamilton anaona kuti gulu likuwayang'ana, ndipo munthu ngati iwo gulu likawayang'ana amayenera kunena kanthu.

"Mwamuona?" anatero mokweza. "Waima chilili ngati munthu. Palibe amene wamuseka lero. Zosewerazo zibwera, ndikadisikasanso ndi kochi uja."

Magdalene anacheuka. "Mukadisikasanso? Munadisikasa liti, achimwene?"

Anayang'ana mwana wake, ndipo Kenan anamufotokozera m'Chingerezi chake, mwachidule, maso ali pansi: za ofesi, za chala, za suti kumpanda sabata yonse. A Lameck anapezeka ali otanganidwa kwambiri ndi kutembenuza nyama imene inali itapsa kale.

Magdalene sanakuwe. Anayenda mpaka pamene anaima achimwene ake, n'kupinda mawondo pang'ono monga anaphunzitsidwira kwawo, manja pamodzi. Ulemu wonse anaupereka, ndipo ulemuwo ndi umene unawawa kwambiri.

"Achimwene, ine zaka zonsezi ndakhala ndikuweramira matako a anthu osawadziwa. Kuwapukuta, kuwasambitsa, kuti mwana uyu adye, afike pano. Ndikangochoka pano ndikupita kukawerama mpaka mawa. Banja silinakhalepo pansi kuti lindichotse pamenepo. Manyazi a mbumba yanu anali kuti nthawi yonseyi?"

A Hamilton anatsegula pakamwa, kukonza tayi, n'kunena kuti nkhani za m'banja sizikambidwa pagulu. Anali munthu yemwe uja amene anasonkhanitsa gululo. Anayang'ana kwa a Sophia kuti mwina awathandiza, koma a Sophia ankayang'ana mbendera pagalimoto.

Pamenepo Kenan anaika helemeti pansi. Anasendera kwa malume ake, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga amachitira popereka moni kwa wamkulu. Koma maso sanatsitse. Ndipo zimene ananena sanazinene m'Chingerezi. Anazinena m'Chichewa, pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, ndi mawu aja omveka mpaka kumsewu.

"Amalume, musadzabwerenso."

Onse amene anali poimika magalimoto anamva, ngakhale azungu amene sanadziwe tanthauzo lake anacheuka. Kenan anatola helemeti, kugwira mayi ake paphewa, n'kuwaperekeza kugalimoto kuti asachedwe kuntchito.

Chaka chimenecho Kenan sanasitate gemu ngakhale imodzi. Chimnyamata cha kumapeto chija sichinavulale, kamnyamata ka pakati kaja kanakhwima, ndipo mu Novembala, chisanu chitayamba, mpira wa Kenan unathera pomwepo. Matiresi aja akadali pakhoma la garaja, Magdalene sanawachotse.

A Hamilton akuyendetsabe vani yawo, ndipo akadali m'zaumoyo. Ku South Bend sanapondekonso, akuti mafuta anakwera. Koma nkhani ya mphwawoyo sanaisiye. Pamisonkhano ya Amalawi, anthu akayamba kudandaula kuti ana a kuno ataya chiyankhulo, amakonza tayi n'kuimirira. Amati vuto ndi makolo ofewa. Iwo mwana wa mlongo wawo anakula osatulutsa liwu limodzi la Chichewa, koma atangolowererapo iwo monga malume, mwanayo anayankhula Chichewa chomveka bwino, pagulu, anthu onse akumva.

Pa zonse zimene a Hamilton ananenapo za iwo eni, chimenechi chokha n'choona.